Mfuti ikaphulika, tikadandaule kuti?

Kwathu kwa Kadewere m'boma la Chiradzulu mfuti si chinthu chonyadira ayi. Amene ali nayo amaisunga chifukwa cha anyani ndi apusi amene amatha chimanga chikangoyamba kukhwima. Zambiri mwa mfutizi ndi zakale, zosiyidwa ndi makolo, ndipo zina ndi za mtundu wa Greener zochokera ku Birmingham. Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mpope wa mfuti ukakhala ndi chilema, mwini wake alibe kolowera.

Malume anga anagula mfuti yatsopano pasitolo ina mumzinda atagulitsa mbuzi zingapo. Isanathe miyezi itatu, mpope unatupa chapakati ngati njoka yomeza chule. Popeza ndine wogwira ntchito m'boma, wozolowera makalata, anandituma kuti ndikawalankhulire. Wogulitsa anangondilozera chikwangwani chakuti katundu akagulidwa sabwezedwa, n'kuwonjeza kuti mwina madalawo analowetsa dothi mumpope. Ndinalembera kampani yopanga mfutiyo kawiri konse, koma yankho silinabwere.

N'zoona kuti dothi kapena chisa cha mavu chikatseka mpope, mpweya wa onga umasowa potulukira ndipo chitsulo chimatupa kapena kung'ambika. Alenje onse amadziwa zimenezi. Koma kodi nthawi zonse wolakwa ndi mlenje? M'chaka cha 2004 kampani ya Sako ya ku Finland inaitanitsa mfuti zake zina mipope ingapo itang'ambika chifukwa cha chitsulo chosalimba. Ku America, eni mfuti anasumira kampani ya Remington pa nkhani ya chitsulo cha mipope, ndipo mu 1996 mlanduwo unatha pogwirizana kuti palipiridwe ndalama zoposa madola 30 miliyoni, ngakhale kampaniyo sinavomere kulakwa. Choncho chilema chochokera kufakitale chilipo, ndipo kwa anzathuwo chikapezeka amalengeza, kusintha mpope kapena kulipira. Nanga ifeyo tinalakwanji? Kodi dzanja la mlimi wa ku Chiradzulu n'lotsika mtengo kuposa la mlenje wa ku Texas?

Angerezi anaona kale kuti wopanga mfuti sangadziyese yekha. Kuyambira 1813 ku Birmingham kuli nyumba yoyesera mipope. Amathira onga woposa muyezo n'kuwomba, ndipo mpope ukapirira amaudinda chizindikiro. Tangofunsani alenje akwathu ngati wogulitsa anawaonetsapo chidindo chotere, kapena kuwauza tanthauzo lake.

Apa ndiye ndikuloza chala boma limene ndimaligwirira ntchito. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti mfuti ilembetsedwe ndipo mwini wake akhale ndi chiphaso. Ndiye kuti dzina la wopanga, nambala ya mfuti ndi mudzi wa mwini wake zili m'kaundula wa apolisi. Kaundulayo asamangothandiza pofufuza mbava ndi potolera ndalama za chiphaso. Kampani yakunja ikalengeza kuti mfuti za nambala zakutizakuti n'zoopsa, chovuta n'chiyani kutsegula bukulo n'kutumiza uthenga kudzera kwa mfumu? Makalata a misonkhano ya chitukuko amafika m'midzi tsiku lomwelo, ine ndemwe ndimawalemba.

Ena adzati mfuti n'zochepa m'dziko muno, tili ndi mavuto akulu. Ndikuvomera kuti n'zochepa, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi ndi yopepuka. Lamulo loteteza ogula la 2003 silinapatule mfuti. Amene wapatsidwa chilolezo choitanitsa mfuti kunja akakamizidwe kulandira madandaulo ndi kuwafikitsa kwa wopanga, apo ayi alandidwe chilolezocho. Mukamukankha mlimi chonchi amabwerera kwa mmisiri wa gogodera, amene mpope wake ndi paipi ya madzi yosayesedwa ndi wina aliyense.

Mfuti ya malume ili pansi pa bedi, yokulungidwa m'chiguduli. Chiphaso chake amalipirabe.