Madzi Saiwala Khwawa: Gulu Loimba Likabwerera Popanda Mmodzi



Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. M'chilimwe khwawa limauma, ana n'kumaseweramo, mbuzi n'kumadutsamo. Koma tsiku limene mvula idzagwenso, madzi amalondola njira yomwe ija. Khutu la munthu nalonso lili ndi khwawa lake. Likazolowera liwu la woimba wina, limayembekezera liwu lomwelo pamalo pomwepo m'nyimbo, ndipo likamva lachilendo mtima umadzuma. Lero ndifuna tikambirane za kudzuma kumeneku.

Pa 30 Juni 2024 Lucius Banda adatisiya ali ku South Africa kumene amalandira chithandizo. Gulu lake la Zembani, limene adaliyambitsa mu 1997, lidatsala ndi zida, dzina ndiponso nyimbo, koma mwini liwu palibe. Imfa imeneyi idadzutsanso funso lakale pakati pa okonda nyimbo. Gulu likataya munthu, kaya ndi imfa kaya ndi kusamvana, otsalawo n'kusonkhananso ndi kukwera pansanja ndi dzina lakale lija, kodi ife omvera tililandire ngati gulu lomwelo? Ena amati kupita kukawaonera ndiko kulemekeza amene adachokayo. Ena amati otsalawo akungodyera dzina la mnzawo. Maganizo anga ndi akuti makolo athu adaiweruza kale nkhaniyi, ngakhale sadaonepo gitala. Adaiweruza pa mwambo wa kulowa ufumu.

Taonani maina a mafumu athu m'boma lino la Dedza: Kaphuka, Kachere, Kasumbu, Kachindamoto. Ndi anthu angati amene adakhalapo pa mipando imeneyi? Anthuwo adapita mmodzimmodzi, koma mainawo alipo mpaka lero, ndipo palibe amene amati mfumu ya lero ndi yabodza chifukwa choti nkhope yake ndi ina. Kwa ife Achewa dzina limalowedwa. Komatu sililowedwa mwachisawawa. Mfumu ikagona, mudzi umayamba walira. Pamakhala kumeta, pamakhala mowa wokumbukira malemu, ndipo mpando umakhala kaye wopanda munthu. Pambuyo pake amayi aakulu a mbumba ndiwo amaloza woyenera, amene kawirikawiri amakhala mwana wa mlongo wake wa malemuyo. Wosankhidwayo amam'bindikiritsa m'nyumba, akuluakulu namulanga za kasungidwe ka anthu ndi kaweruzidwe ka milandu, ndipo akatero ndi pamene amatuluka naye pabwalo kuti anthu onse amuone. Pa mwambo wonsewu pali zinthu zitatu: kulira wopitayo poyera, chilolezo cha eni mbumba, ndi kuti wolowayo azilamula ndi nzeru zake. Mfumu yatsopano imene ingayambe kutsokomola ndi kutsimphina monga ankachitira malume ake, anthu angaiseke.

Tiyeni tiyese muyeso umenewu pa gulu limene Amalawi ambiri amalidziwa, la Black Missionaries la ku Chileka. Evison Matafale adatulutsa zimbale ziwiri, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, ndipo dziko lonse lidagwedezeka nazo. Mu Novembala 2001 adamwalira ali m'manja mwa apolisi, atamangidwa pa nkhani ya kalata yodzudzula boma la nthawi imeneyo. Ambiri adaganiza kuti gululo lathera pomwepo. Koma abale ake, ana a malemu Robert Fumulani amene ankaimba ndi Likhubula River Dance Band, adatola zida napitiriza motsogozedwa ndi Musamude. Dzina la zimbale sadalisinthe. Adangowonjezera nambala, n'kukhala Kuimba 3. Mu 2007 Musamude nayenso adamwalira, ndipo chaka chotsatira mbale wawo Gift adatsatira. Mng'ono wake wa Musamude, Anjiru, adalowa pamalopo pamodzi ndi Chizondi, ndipo zimbale za Kuimba zidafika popitirira 10.

N'chifukwa chiyani anthu sadawakane anyamata amenewa, pamene liwu lotsogolera lidasintha kawiri konse? Yankho lili m'zinthu zitatu zija. Adalira poyera, ndipo adakhazikitsa mwambo woti chaka ndi chaka, mwezi wa Novembala, anthu azisonkhana ku Chileka kukumbukira Matafale ndi abale ena amene adatsogola. Umenewu ndi mowa wa chikumbutso womwe uja, kungoti waphikidwa ndi magitala. Chachiwiri, olowa dzinawo adali a m'banja momwemo, okulira pa nyimbo zomwezo, ndipo paja chibale ndi fupa, sichiwola. Chachitatu, Musamude adaimba ngati Musamude, Anjiru naye akuimba ngati Anjiru. Adapeka nyimbo zawozawo, kotero kuti lero alipo achinyamata amene adayamba kukonda gululi chifukwa cha nyimbo za Anjiru, za Matafale n'kudzazimva pambuyo.

Komabe ndisakunamizeni kuti onse adakhutira. Mpaka lero mukakhala pansi ndi munthu amene adagula kaseti ya Kuimba 1 ili yatsopano, adzakuuzani kuti gulu lenileni lidapita ndi Matafale. Munthu wotereyu musamutsutse, ndipo musamunene kuti ndi wotsalira. Amene amaonera gule kwathu kuno akudziwa za ng'oma ya mbalule, imene imalankhula ndi mapazi a wovina. Woimba mbalule akamwalira, ng'omayo saikwirira naye limodzi, wina amaitenga. Chikopa n'chomwecho, mtengo ndi womwewo, phula ndi lomwelo, koma dzanja ndi lina, ndipo amayi owomba m'manja amazindikira msanga kuti pasintha kanthu. Sanama ayi. Kusinthako kulipodi. Ndiponso munthu akamalira liwu la woimba, amalira zambiri. Amalira unyamata wake, basi imene adakwera akumva nyimboyo, mnzake amene adavina naye tsopano ali kumanda. Gulu latsopano, ngakhale liimbe bwino chotani, silingam'bwezere zimenezi, pakuti madzi akatayika saoleka. Chisoni chotere n'choyenera ulemu.

Pamene ndimasiyana ndi wolirayo ndi pamene afuna kuti chifukwa cha chisoni chake zida zipachikidwe. Woimba ng'oma, woimba gitala ya besi ndi wa kiyibodi nawonso adathira thukuta pa nyimbo zimene timakondazo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo liwu limodzi silipanga gulu. Anthu amenewa ali ndi ana ofuna fizi ndi matumba a feteleza ofunika kugula. Kuwauza kuti aleke kuimba chifukwa mtsogoleri wawo wafa kuli ngati kuuza mudzi kuti ubalalike chifukwa mfumu yagona. Ku Balaka, Alleluya Band idaona anthu ambiri akulowa ndi kutuluka, kuphatikizapo Lucius yemwe, amene adaphunzirira momwemo pansi pa mkulu wake Paul Banda. Ikadatseka zitseko pa kuchoka kwa munthu woyamba, Charles Sinetre ndi Coss Chiwalo akadakulira kuti?

Tsono pali nkhani ina yolemera kuposa imfa, ndiyo ya munthu amene akusowa pansanja ali moyo. Wakufa timamulira n'kumulowa dzina, koma wamoyo salowedwa dzina mlandu wake usadakambidwe. Chitsanzo chili kwa anansi athu a ku Zimbabwe. Gulu la Bhundu Boys, limene woimba gitala wake Rise Kagona adali mwana wa banja lochokera kuno ku Malawi, lidatchuka mpaka ku Ulaya, ndipo mu 1987 lidaimba pa bwalo la Wembley ku London potsegulira Madonna. Mu 1990 padabuka kusamvana, ndipo woimba wawo wotsogolera, Biggie Tembo, adapezeka ali kunja kwa gulu. Otsalawo adapitiriza ndi dzina lomwelo, koma ulemerero uja sudabwerere. Tembo nayenso payekha sizidamuyendere, ndipo adamwalira mu 1995 akadali kunja. Onse adaluza. Sindikuweruza kuti wolakwa adali yani, poti mlandu wa m'nyumba ya eni amaudziwa ndi eni ake. Ndingonena zimene makolo adanena, kuti mlandu suwola. Omvera akaona malo opanda munthu pansanja, akudziwa kuti mwini malowo ali moyo ndipo mtima wake ukuwawa, nyimbo siziwalowa bwino. Zili ngati kudya nsima pa ukwati pamene malume a mkwatibwi akhala kuseri kwa nyumba atakwiya. Pamudzi zikatero, ankhoswe amayamba athetsa nkhaniyo ng'oma zisadalire. Magulu oimba nawo afunika ankhoswe otere. Mwina wochokayo sangabwerere, koma adalitse anzakewo ndi pakamwa pake, anthu amve.

Ku Zambia kuli nkhani imene imaonetsa kuti zinthuzi zimazungulira. Gulu la WITCH lidayambira ku Kitwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo woimba wake wotchuka adali Emmanuel Chanda, wodziwika ndi dzina loti Jagari. Iyeyu adachoka nakaphunzira ntchito yathu ya uphunzitsi, ndipo m'zaka za m'ma 1980 gululo lidaimba popanda iye, ndi anthu ena atsopano monga Patrick Mwondela. Pambuyo pake gulu lidatha, ndipo anzake onse a Jagari amene adayamba nawo adamwalira. Patapita zaka zambiri, m'zaka za m'ma 2010, gululo lidadzukanso. Jagari, amene kale adali wosowayo, ndiye adasenza dzina, pamodzi ndi Mwondela ndi oimba achinyamata, ena a iwo ochokera ku Ulaya. Mu 2023 adatulutsa chimbale chotchedwa Zango, ndipo mu 2025 china chotchedwa Sogolo, limene ndi liwu lathu lomwe lija loti tsogolo. Pa anthu oyambitsa gulu patsala mmodzi yekha, koma anthu akulilandira, chifukwa nkhalambayo sibisa kuti anzake adapita, ndiponso chifukwa akupeka zatsopano. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Tsono kwa oimba amene mwatsala ndi dzina la gulu, ndili ndi malangizo anayi. Loyamba, nenani zoona pa zikalata zoitanira anthu. Musaike chithunzi chachikulu cha munthu amene sadzakhalapo ngati nyambo yokokera ndalama za pakhomo. Lachiwiri, tchulani dzina lake pansanja, ndipo poimba nyimbo yake nenani kuti ndi yake. Lachitatu, kumbukirani mkazi wamasiye ndi ana. Dziko lino lili ndi bungwe la COSOMA, limene lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito za aluso, ndipo lamulo limati phindu la nyimbo silithera pa tsiku la maliro a woipeka. Koma ngakhale lamulo likadapanda kutero, mwambo wathu umadana ndi kulanda chuma cha masiye. Gulu lodzaza holo ndi nyimbo za malemu pamene ana ake abwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, limenelo ndiye loyenera kulikana. Lachinayi, musasake munthu woti azingotsanzira liwu, kavalidwe ndi kayendedwe ka wopitayo. Kutsanzira kumakoma usiku umodzi, kenaka kumakumbutsa anthu chimene chikusowa. Pagule fumbi ndiwe mwini: wolowa pamalo aponde ndi mapazi ake.

Kwa inu omvera, makamaka adzukulu anga amene nyimbo mumazimvera pa foni, ndikuti kumbukirani kaimbidwe ka kwathu. Pa chimtali, pa mganda ngakhale pamtondo, mmodzi amayambitsa nyimbo, ena onse n'kuvomera. Nyimbo yopanda ovomera ndi yopunduka. Choncho inunso muli ndi gawo m'gulu limene mumalikonda, ndipo pa nkhani ya kulowa dzina inu ndinu bwalo limene wolowayo amaonetsedwapo. Muli ndi ufulu wofunsa ngati wopitayo adaliridwa, ngati banja lake lidavomera, ndi ngati wamoyo amene wasiyidwa adakambirana nawo. Mayankho akakhala abwino, pitani mukavine, ndipo pofika pamalo paja pamene liwu lakale linkakwera, imbani ndinu. Mayankho akakhala okayikitsa, khalani kunyumba, ndalama yanu musunge. Kumeneko nakonso ndi kuweruza. Chimene sindifuna kumva ndi kutukwana mnyamata amene walimba mtima kuima pamalo a chimphona. Iye sadaphe munthu. Mpatseni nyengo ziwiri kapena zitatu, poti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Anyamata a Zembani, ndi magulu ena amene adzakumane ndi zoterezi m'tsogolo muno, ali ndi njira imene anzawo a ku Chileka adailambula kale. Ife achikulire tidzapitiriza kunena kuti zakale zidali bwino, ndipo mutilole titero, chifukwa khutu lathu lidakumba khwawa lake kalekale. Inu kumbani lanu, koma muzifunsa kumene madziwo adachokera.

Sabata yamawa, Mulungu akalola, tidzakambirana za mwambi woti ukaipa dziwa nyimbo. Tsalani bwino, ndipo mupereke moni kwa onse kunyumba.