Mayi Wobisa Nkhope

Achinyamata anzathu, sabata ino tiyeni tiime pa chithunzi chimodzi chopanda utoto, chakuda ndi choyera basi. Anachijambula mayi wa ku Germany, Käthe Kollwitz, m'chaka cha 1903, ndipo dzina lake limangonena zimene zilipo: mkazi ndi mwana wakufa.

Mkaziyo wakhala pansi, wapinda miyendo, alibe chovala. Wakumbatira mtembo mwamphamvu ngati akufuna kuubwezera m'mimba, nkhope yake itamira pachifuwa cha mwanayo. Misozi sitikuiona. Chisoni tikuchiwerenga pa msana wopindika, pa mapewa okwera, pa dzanja lokakamira. Mutu wa mwana wagwera chagada, woyera ndi wopepuka, pamene thupi la mayi ladetsedwa ndi mizere yolemera. Ena mwa ife tingachite manyazi ndi umaliseche umenewu, mwinanso kuseka chamumtima. Koma tikuganiza kuti Kollwitz anamuvula dala. Chovala chikanatiuza mtundu wake ndi chuma chake, ndiye tikanapeza pothawira, n'kumati ameneyu ndi mayi wa kwina.

Mwana amene ankamuyang'ana pojambula anali wake yemwe, Peter, wa zaka 7. Mu Okutobala 1914 Peter anaphedwa ku Belgium, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba.

Ife Akatolika tinazolowera Pietà ya Michelangelo ku Roma, Amayi Maria atanyamula Yesu nkhope ili phee. N'chosema chokongola, inde, koma chikhoza kutinamiza kuti wokhulupirira amalira mwaulemu nthawi zonse. Kuno ku Phalombe tikudziwa bwino kuti si choncho. Napolo wochokera m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, kenako namondwe Freddy mu Malichi 2023, anasiya amayi olira ngati wa pachithunziyu, osalabadira kuti chitenje chagwa kapena kuti anthu akuona.

Nanga ife timatani tikawapeza? Timathamangira kunena kuti limbani mtima, n'chifuniro cha Mulungu, ndipo kwaya imakweza nyimbo. Kawirikawiri mawu otere amapepuza ife amene tatopa ndi kuona, osati wofedwayo. Kollwitz sanajambule womutonthoza; pambali pa mkaziyo anasiya malo opanda kanthu. M'nyumba ya siwa malo amenewo amakhalapo amayi achikulire aja, amene amagwira mnzawo m'chiuno usiku wonse osanena kanthu mpaka tambala atalira.