Matiresi Abwino Sadziwika ndi Maluwa a Pansalu

Pa ntchito yanga yoyendera midzi kuno ku Mulanje ndimalowa m'nyumba zambiri. Ndimaona zimbudzi, zitsime ndi nkhuti, koma masiku ano ndimapemphanso kuona pogona. Munthu wogona maola 8 usiku uliwonse amatha gawo limodzi mwa magawo atatu a moyo wake ali pogona, choncho nkhaniyi ndi ya zaumoyo ndithu.

Tsiku lina mayi wina wothyola tiyi anandidandaulira kuti msana sukumupatsa mtendere. Nditaona matiresi ake ndinapeza kuti pakati panalowa ngati bwato, chonsecho anali asanathe chaka. Anawagula chifukwa cha nsalu yamaluwa ndi mtengo wotsika. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Tsopano kwabwera matiresi otchedwa memory foam. Siponji imeneyi inapangidwa ku America m'chaka cha 1966, pa ntchito ya bungwe la NASA yofuna kukonza mipando ya ndege. Imafewa ndi kutentha kwa thupi, nitsata maonekedwe a munthu, kotero kuti kulemera sikukhala pa chiuno ndi phewa pokha. N'chifukwa chake imathandiza odwala ogona nthawi yaitali kuti asachite zilonda, ngakhale kuti wodwala wotere ayenerabe kutembenuzidwa maola awiri aliwonse.

Komatu dzina lokha lisatitengere ndalama. Pogula, kaya ku Chitakale, ku Limbuli kapena ku Blantyre, chitani izi. Choyamba, dindani ndi chikhatho. Memory foam yeniyeni imasunga chidindo cha dzanja kwa kamphindi, kenaka n'kubwerera pang'onopang'ono. Siponji wamba imadzuka nthawi yomweyo. Chachiwiri, nyamulani. Pa matiresi awiri ofanana kukula, olemera ndiwo ali ndi siponji yothinana, ndipo ndiwo amakhalitsa. Kuchindikala sikutanthauza kulimba. Chachitatu, gonanipo mosachita manyazi. Ngati chiuno chikukhudza pansi, asiyeni. Chachinayi, funsani za m'kati, pakuti matiresi abwino a mtunduwu amakhala ndi memory foam pamwamba pokha, pansi pake pali siponji yolimba yochirikiza msana. Musaiwale kutenga risiti.

Maganizo anga ndi akuti banja lopeza movutikira lisalowe katapila chifukwa cha memory foam. Matiresi a siponji wamba, olemera ndi olimba bwino, amakwanira. Kumbukiraninso kuti memory foam imasunga kutentha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala ena amalephera nayo tulo. Ngati ndalama sizikukwana, pitirizani kugona pa mphasa yaukhondo uku mukusunga pang'onopang'ono. Mphasa yoyera iposa matiresi obowoka pakati.

Ena adzati a kaunjika ndi otsika mtengo. N'zoona, koma mumagula pamodzi ndi zimene simukuziona. Nsikidzi zimabisala m'misoko, ndipo zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi. Zikachuluka, anthu amanamizira masikito kuti ndiwo abweretsa nsikidzi, naleka kugonamo, malungo n'kupeza mpata. Masikito sabala nsikidzi. Yang'anani misoko: timadontho takuda ndi chizindikiro chake.

Dziko lathu la kunsi kwa phiri ndi lamvula ndi chiperoni, ndipo siponji imamwa madzi koma siuma msanga. Matiresi oyalidwa pa dothi kapena pa simenti amachita nkhungu kunsi, ndipo nkhungu imavutitsa anthu a mphumu. Ikani matiresi pa bedi la matabwa otalikirana pang'ono kuti mpweya uzipita, muwaimike pa mphepo kawirikawiri, ndipo pogona ana muyalepo pulasitiki pansi pa nsalu. Matiresi amene anamira m'madzi amatope, monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndi ovuta kuwayeretsa m'kati. Ndi bwino kuwataya.

Pali zoopsa ziwiri zimene sindingazisiye. Siponji imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha, choncho koloboyi, kandulo ndi fodya zikhale kutali ndi bedi. Chinanso, khanda losakwana chaka lisagonekedwe pa siponji yofewa yolowa, chifukwa nkhope ikamira limabanika. Ligone chagada pamalo olimba ndi osalala, m'masikito opisiridwa bwino kunsi kwa matiresi.

Pomaliza, abale anga, matiresi si mankhwala. Msana ukapweteka kwa masabata angapo, makamaka pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi kapena dzanzi m'miyendo, pitani kuchipatala msanga, pakuti chifuwa chachikulu chimagwiranso mafupa a msana. Ndalama ya tiyi, chinanazi kapena nandolo imabwera ndi thukuta. Musanaipereke, dindani, nyamulani, gonanipo.