Nkhumba Sitiweta, Koma Matenda Ake Tiwaphunzitsa

Titaika phunziro la matenda a nkhumba pa ndandanda ya chaka chino, abale ena anatifunsa mwaulemu, koma mosabisa kudandaula kwawo, ngati taiwala Levitiko chaputala 11. Sitinaiwale ayi. Pa famu yathu palibe khola la nkhumba, ndipo silidzamangidwa. Komabe phunziroli sitilichotsa.

Nthenda imene tikunena imatchedwa erysipelas, ndipo imabwera ndi bakiteriya wotchedwa Erysipelothrix rhusiopathiae. Nkhumba imatentha thupi, imakana chakudya, kenaka pakhungu pamatuluka zigamba zofiira za ngodya zinayi, zotukuka, moti chala chimazimva ngakhale nkhumbayo ikhale yakuda. Bakiteriyayu sakhala m'nkhumba mokha. Amapha nkhukundembo mwadzidzidzi, amatupitsa mfundo za miyendo ya ana a nkhosa, ndiponso amapezeka m'zoterera za pakhungu la nsomba. Akalowa pa bala la munthu, chala chimatupa, chimafiira ndi kuwotcha. Mlongo wathu wotumbula nsomba pa msika wa Maramba, amene chibadwire sanalawe nyama ya nkhumba, angathe kudwala nthendayi. Wophunzira wathu wogula manyowa kwa mnansi woweta nkhumba angabweretse bakiteriyayu kumene kukudyera nkhukundembo zake, pakuti amakhalabe wamoyo m'ndowe kwa milungu ingapo.

Chimene chimasokoneza alimi kwambiri n'chakuti bakiteriyayu sali wa mtundu umodzi. Akatswiri awerenga mitundu yoposa 20, ndipo imene imadwalitsa nkhumba kawirikawiri ndi 1a, 1b ndi 2. Wina amapha m'masiku awiri. Wina amasiya nkhumba ikutsimphina miyezi yambiri, mtima ukuwonongeka pang'onopang'ono. Winanso amangokhala kukhosi kwa nkhumba yonenepa bwino, kudikira tsiku limene idzafooke ndi kutentha kwa Okutobala kapena ulendo wa pa lole. Mu 1987 akatswiri a ku Japan anaonetsa kuti ena mwa mabakiteriya amene ankawerengedwa pamodzi ndi ameneyu ndi mtundu wina, Erysipelothrix tonsillarum, umene nthawi zambiri suvulaza nkhumba. Ndipo ukali wakewo umasintha. Louis Pasteur ndi Louis Thuillier anaona kuti bakiteriyayu akadutsa m'nkhunda amalusa, koma akadutsa m'akalulu amafooka, ndipo wofookayo ndiye anakhala katemera wa mu 1883. Timakonda kukumbutsa ophunzira kuti Thuillier anamwalira chaka chomwecho ku Alexandria, ali mnyamata, akufufuza kolera. Tsono mlimi akanena kuti nthendayi amaidziwa chifukwa inamufikira chaka chatha, timamuyankha kuti anakumana ndi mtundu umodzi wokha.

Pali chifukwa china cholemera kuposa zonsezi, ndipo n'cha kwathu kuno. Nkhumba yofiira khungu ndi yotentha thupi ingakhale ndi erysipelas, koma ingakhalenso ndi chigodola. Pa tsiku loyamba ngakhale mlimi wozolowera sangasiyanitse. Erysipelas imamva penisilini, ndipo nkhumba yobayidwa msanga imadzuka pasanathe masiku awiri. Chigodola chimabwera ndi vayirasi, chilibe mankhwala, ndipo chingasese khola lonse. Anthu ambiri amaganiza kuti chigodola ndi nkhani ya ku Chipata ndi Katete, kapena ya ku Lusaka kumene chinapulula nkhumba mu 2013. Komatu m'zaka za m'ma 1980 ofufuza anatola nkhufi m'mauna a njiri m'nkhalango ya nyama ya Livingstone, imene lero ili m'paki ya Mosi-oa-Tunya, napezamo vayirasi wa chigodola. Atayerekeza ndi wa m'nkhalango zina za Zambia, anaona kuti nayenso ndi wa mitundumitundu. Njirizo timaziona tokha zikugwada pa udzu m'mphepete mwa msewu wopita ku mathithi.

Mlimi wosadziwa kusiyanitsa amachita chimodzi mwa ziwiri. Amapha nkhumba usiku n'kugulitsa nyama m'mawa, motero amataya chiweto chimene chikanachira ndi jakisoni, kapena amafalitsa chigodola m'makomboni onse. Apo ayi amabaya penisilini khola lonse n'kukhala chete, nkhumba zikufa imodziimodzi, osauza a ofesi ya zaziweto. Ophunzira athu akabwerera ku Kazungula, Zimba ndi Kalomo, iwo ndiwo amaitanidwa kukhola, popeza anthu amadziwa kuti anaphunzira zaulimi. Palibe amene amayamba wafunsa tsiku limene amapembedza. Sitikufuna kuti wophunzira wathu akaime pamenepo n'kunena kuti za nkhumba sizimukhudza, pamene ndalama za sukulu za ana a mnansi wake zili m'kholamo.

Abale odandaula akhazike mtima pansi: nkhumba sidzalowa pa chipata chathu. Tidzaphunzitsa ndi zithunzi. Wophunzira aliyense adziwe kuyeza kutentha kwa chiweto, kupatula chodwala, kuvala magolovesi ngati ali ndi bala, kukwirira chakufa m'dzenje lakuya, ndi kuitana dokotala wa ziweto tsiku lomwelo, asanabaye ndiponso asanaphe. Phunziro la nkhukundembo tiliika sabata yotsatira, kuti aone bakiteriya yemweyo m'chiweto chimene timaweta tokha.