Ma imelo akale: mwasunga, koma mwasunga kuti?

Masiku ano invoisi, kalata ya nchito, ngakhale lisiti ya lendi zibwela pa imelo. Bokosi ikadzala, ambili m'maofesi a mu Cairo Road amangoyatsa AutoArchive mu Outlook, n'kuganiza kuti nkhani yasila. Apa m'pamene pali msampha.

AutoArchive imacotsa mauthenga akale mu bokosi n'kuwaika mu fayelo ya .pst, pa kompyuta imeneyo cabe. Pa foni simudzawapezanso. Manje kumbukilani 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba, malaiti n'kumayenda maola ambili. Malaiti akabwela mwamphamvu, kompyuta ingapse, fayelo nayo yapita. Kawalala naye safunsa zili mkati.

Ni nkhani ya ndalama iyi. ZRA imafuna wamalonda asunge mapepala ake zaka 6, ndipo "kompyuta inafa" si yankho. Wanchito akakangana na abwana pa malipilo, mboni yake ni imelo yakale ija.

Conco funsani a IT kumene .pst yanu ikhala, muikope pa fulashi, muisunge kwina. Koma ngati ni makalata a kampani, yambani mwapempha cilolezo.