Kalata yolembedwa koma yosawerengedwa

Mayi woyembekezera akapita ku sikelo amabwerako ndi timapiritsi ta ayironi towonjezera magazi. Komatu ayironi ndi mlendo wovuta kusunga. Akachepa, munthu amafooka ndi kuchita chizungulire. Akachuluka n'kumangoyendayenda m'selo, amawononga zam'katimo. Nanga selo, yopanda maso ndi ubongo, imadziwa bwanji kuti lero ndisunge, mawa ndiitanitse wina?

Kusukulu anatiphunzitsa kuti DNA imalemba uthenga wotchedwa mRNA, ndipo ribosome imauwerenga n'kupanga puloteni. Phunziro linkathera pomwepo, ngati kuti kalata iliyonse imawerengedwa tsiku lomwe yalembedwa. Ine ndimaona kuti ana timawamana gawo lokoma la nkhaniyi, chifukwa pali mapuloteni ena amene ntchito yawo n'kukakamira pa mRNA n'kulamula ngati iwerengedwe kapena ayi.

Nkhokwe ya ayironi m'selo ndi puloteni yotchedwa ferritin. Imodzi yokha imatha kusunga maatomu a ayironi okwana 4,500. Kumayambiriro kwa mRNA yake kuli kachigawo ka zilembo pafupifupi 30 kopindika ngati ngowe, kotchedwa IRE. Anakatulukira mu 1987 a Matthias Hentze, a Tracey Rouault ndi a Richard Klausner ku National Institutes of Health ku America, komanso gulu la a Hamish Munro pa nthawi yomweyo. Ayironi akasowa, puloteni yotchedwa IRP imakhala phee pa ngoweyo, ndipo ribosome imasowa poyambira. Kalata ilipo, koma palibe woiwerenga. Ndipo m'pomveka: ndani amamanga nkhokwe chaka cha njala?

Chimene chimandigometsa ndi ichi. IRP yomweyo imakakhalanso pa mRNA ina, ya puloteni imene imalandira ayironi pakhomo la selo kuchokera m'magazi. Pamenepa ngowe zilipo zisanu, ndipo zili kumapeto kwa uthenga, osati kumayambiriro. Ikakhala kumeneko sitsekera ribosome njira ayi. M'malomwake imateteza uthengawo kuti usadulidwedulidwe, motero umakhalitsa, umawerengedwa kambirimbiri, ndipo makomo olowera ayironi amachuluka. Mlonda ndi mmodzi yemweyo. Akakhala kumutu kwa kalata amatseka, akakhala kumchira amasunga. Zonse ziwirizo zikuthandiza selo yanjala.

IRP ili m'mitundu iwiri, IRP1 ndi IRP2. Ayironi akabwera wokwanira, maatomu ake anayi pamodzi ndi anayi a salufa amalowa mu IRP1, imasintha kaumbidwe, imataya ngowe ija n'kuyamba ntchito ina monga enzyme yotchedwa aconitase. Mnzake, IRP2, imangophwanyidwa. Nthawi yomweyo ribosome imapeza njira yotseguka ndipo nkhokwe zimamangidwa msanga, popanda kudikira kuti DNA ilembe kalata yatsopano.

Wina anganene kuti izi n'zam'mabuku chabe. Mu 1995 madokotala a ku Italy ndi ku France anafotokoza za mabanja amene anthu ake ankachita ng'ala akadali aang'ono, ndipo magazi awo ankaonetsa ferritin wochuluka kwambiri. Vuto silinali mu ferritin mwini. Chinasintha ndi chilembo cha pa ngowe ija, moti mlonda sankathanso kugwira. Maselo ankangomanga nkhokwe usana ndi usiku, mpaka zina kuunjikana m'diso n'kulichititsa khungu.

Chimandipweteka mtima n'chakuti ena mwa odwalawa, asanadziwike bwino, ankaganiziridwa kuti ali ndi ayironi wopitirira muyeso, ndipo ankachotsedwa magazi pofuna kuwathandiza. Posakhalitsa magazi awo anayamba kuchepa, pakuti ayironi wochulukayo kunalibe. Nkhokwe ndi zimene zinali zambiri. Masiku ano dokotala akaona ferritin wokwera mwa munthu amene banja lake limachita ng'ala paubwana, amayamba wayeza kuchuluka kwa ayironi amene akuyenda m'magazi asanatenge jakisoni wochotsera magaziwo.