Mayeso a luso apite komwe kuli anyamata

Aliyense wodutsa ku Kapata, muno mu Chipata, m'mawa amawaona. Mnyamata wagona chagada pansi pa thiraki, sipanala m'manja, oyilo akudonthera pamalaya. Chapafupi mnzake akuwotcherera chitseko, maso atatchinga ndi timagalasi ta dzuwa togula pamsika. Ena atha zaka zinayi kapena zisanu pa bwana mmodzi, malipiro ake nsima yamasana ndi kangachepe ka sopo. Injini amaidziwa matenda ake pongomva kulira. Koma tsiku limene kampani yafuna makaniko, funso la pageti limakhala limodzi: "Pepala lili kuti?" Mnyamata uja amabwerera wakhosi pansi, dzina likadali lomwe lija la sipanala boyi.

Ife tikuti zimenezi zithe, pakuti mankhwala ake alipo kale. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998, limalembetsa mayeso a trade test, ndipo lili ndi njira yoyesera munthu pa zomwe anaphunzira ali pantchito, ngakhale sanapondepo m'kalasi. Sukulu ya Chipata Trades Training Institute ili konkuno. Koma kafunseni m'magalaja muja kuti ndi angati anamvapo za njirayi.

Ndalama nazo si kuti palibe. Kuyambira 2017 makampani amapereka msonkho wa Skills Development Levy, 50 ngwee pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito. Thumba la chitukuko la CDF la dera la phungu aliyense linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo gawo lina n'lolipirira maphunziro a luso. Tikuyamikira kuti achinyamata ambiri alowa sukulu ndi thumba limeneli. Chomwe chikutiwawa n'chakuti amene luso ali nalo kale m'manja, wongofunika ya mayeso ndi masabata owerengeka okonzekera, ndiye amaiwalika msanga.

Ntchito zikudutsa pakhomo pathu penipeni. Chipata cha Mwami chinasanduka cha ofesi imodzi mu December 2022, ndipo mathiraki a feteleza ndi katundu wina sakata phazi pa Great East Road. Njanji ya ku Mchinji inafika mu 2010. Sitima sizinayende monga tinkayembekezera, komabe njira ya ku doko la Nacala ndi yomweyo. COMACO ikupera chiponde muno mumzinda, thonje nalo likuchotsedwa njere konkuno. Malo onsewa amafuna woyendetsa forklift, wosunga katundu m'nyumba zosungiramo, wokonza makina, wamagetsi, dalaivala wa laisensi ya mathiraki akuluakulu. Kampani imene ikunyamula katundu wa eni ake wodutsa malire singapereke makiyi kwa munthu wopanda umboni wa luso lake, ndipo sitingaiimbe mlandu. Ikasowa wa pepala kuno, imakatenga wa ku Lusaka kapena ku Copperbelt.

Akuluakulu akukumbukira fakitale ya njinga ya Luangwa Industries. Anthu a kwathu konkuno ndiwo ankamanga njinga zija, ataphunzira ntchito ali pantchito.

Choncho oyesa mayeso atuluke m'maofesi, akaike tebulo ku Kapata ndi ku Down Shops, mnyamata aphwasule giyabokosi iwo akuona. Mabwana a magalaja alembetsedwe, ndipo aliyense wotenga mwana wa mnzake kuti amuphunzitse asainirane ndi makolo: zaka zingati, adzaphunzira chiyani, mayeso adzalemba liti. Makampani nawo atsegule zitseko kwa ophunzira, atsikana asatsalire, m'malo modandaula kuti otuluka kusukulu sadziwa makina.

Inu a makomiti a CDF ku Chipata Central ndi ku Luangeni, mukamakhala pansi kugawa ndalama za chaka chino, patulani ya mayeso a anyamata a m'magalaja.